Ulendo wa ku Tokyo Umene Najma Anakonza

A Jaffu ankagwira ntchito yoyendetsa galimoto yonyamula odwala impso. Ankawatenga m'makomo mwawo, kupita nawo kokatsukitsa magazi, kenako n'kuwabweza. Iwo ndi akazi awo, a Saida, ankakhala ku Lanham, m'dera la Maryland, m'zipinda zapansi pa nyumba ya munthu wina wa ku Sierra Leone. Mwana anali mmodzi yekha, Najma. Anabwera naye kuchokera ku Malawi mu 1993 ali ndi zaka zitatu, ndipo za kumudzi iye sankakumbukira kalikonse. Chichewa ankamva chonse, koma poyankha ankayankha m'Chingelezi.

Najma anayamba kukonda makatuni a ku Japan, aja amati anime, akadali ku pulaimale. Poyamba a Jaffu ankati ndi chibwana, chidzatha chokha. Sichinathe. Mwanayo anayamba kujambula yekha anthu a maso akuluakulu aja, anayamba kuwerenga mabuku azithunzi oyambira kumapeto, kenaka anayamba kuphunzira Chijapani pa kompyuta ya ku laibulale. A Jaffu ataona kuti mwana wawo sayendayenda, ndipo kusukulu akukhoza, anangomusiya. Mapeto ake nawonso analowamo. Chaka chilichonse nthawi yotentha ankamuperekeza ku Baltimore, kumsonkhano waukulu wa anthu okonda anime, kumene achinyamata amavala ngati anthu a m'makatuniwo. Zovala za Najma ankasoka ndi a Saida, ndipo nthawi zonse ankalimbana za kutalika kwa siketi mpaka kugwirizana. A Jaffu ankaima naye pamzere atavala kofia yawo, atamunyamulira lupanga la makatoni lalitali kuposa iwo. Tsiku lina mnyamata wina anawafunsa kuti iwo avala ngati ndani. Anamuyankha kuti avala ngati bambo ake a Najma.

Chakumapeto kwa 2006, mphunzitsi wa zojambula kusukulu ya Najma, a Jennifer, analengeza kuti atenga ana a kalabu ya anime kupita ku Tokyo sukulu ikadzatsekera mu Juni. Najma anafika kunyumba akupuma movutikira ngati wathamanga kuchokera kusukulu komweko. Sanapemphe n'komwe. Anangoyamba kufotokoza, ndipo a Jaffu anamumvetsera mpaka kumaliza, n'kunena kuti, "Tiona, mwanangu."

Najma anamva ngati avomera.

Popeza ndi iye amene ankadziwako Chijapani, a Jennifer anamupatsa ntchito yokonza kumene gulu lidzayende. Anakhoma mapu a Tokyo pakhoma la pabalaza, pamwamba pa makina osokera. Lamlungu lililonse masana ankawakhazika bambo ake pampando n'kumawayendetsa ndi chala. Apa ndi ku Akihabara, kumene kuli masitolo osanjikizana mpaka kumwamba, ogulitsa tizidole ta anthu a m'makatuni ndi zamagetsi. Apa ndi ku Nakano, kumsika wa zinthu zakale, kumene munthu angagule pepala loonekera lojambulidwa ndi manja limene linagwiritsidwadi ntchito popanga katuni. Apa ndi ku Ikebukuro, kumene atsikana amagulako mabuku ojambula anthu wamba ngati iye. Kunalinso nyumba ina yoonetserako mmene makatuni amapangidwira, kunja pang'ono kwa mzinda, imene matikiti ake ankafunika kugula ulendo usanayambe. Ankadziwa sitima yoti akwere, poti atsikire, ndi masitolo amene amatsegula mochedwa.

"Chimene ndikufuna kwambiri ndi pepala lija," ankatero. "Ngakhale la munthu wosatchuka, bola likhale lenileni. Ndi zolembera zija zomwe kuno sizipezeka."

"Nanga udzadya chiyani kumeneko? Anthu aja si a nkhumba?"

"Ndaphunzira kale kunena kuti sindidya nkhumba. Ndipo ndapeza mzikiti, Dadi. Onani, uli apa. Lachisanu ndidzapempha a Jennifer kuti tidutseko, ndidzakujambulireni."

A Jaffu ankayang'ana pamene chala chaloza, n'kugwedeza mutu. Ankasangalala nawo masana amenewo, ndipo sankafuna kuganiza zoti adzatha.

Chimene Najma sankadziwa n'chakuti banja lonse linalibe mapepala okhalira m'dzikomo. Anabwera ndi viza ya alendo ku ukwati wa msuweni wa a Jaffu, viza inatha, iwo sanabwerere. Poyamba ankati akonza zinthu zikakhazikika. Kenaka kunadza zauchigawenga za mu Sepitembala wa 2001, ndipo munthu wa dzina ngati lawo sankafunanso kuyandikira ofesi iliyonse ya boma. Mwanayo sanamuuze, poopa kuti angakalankhule kusukulu. Atakula, kumuuza kunavutanso kuposa kale.

Tsiku lina Najma ali kusukulu, a Saida anazimitsa makina n'kutembenukira kwa amuna awo.

"Bambo a Najma, mwanayu mumuuza liti?"

"Ndikufufuza kaye. Mwina pali njira."

"Njira yanji? Loweruka lililonse akukaluka anthu tsitsi mpaka zala kutupa, akuti akusungira ulendo. Inu mukumangokhala apo, eya, eya, sitima iyi ndi yabwino. Mukumukweza mumtengo kuti agwe bwino?"

"Ndiye mumuuze ndinu."

"Amene anati tisabwerere ndani?"

A Jaffu anatenga makiyi n'kutuluka, ngakhale nthawi yokatenga odwala inali isanakwane.

Sabata yotsatira anapita ku Fairfax kukaonana ndi a Margaret, mayi wa ku Malawi yemwe anaphunzira zamalamulo konko ndipo ankathandiza anthu pa nkhani za mapepala. A Margaret anawamvetsera mofatsa, n'kufunsa tsiku limene Najma anabadwa.

"Ku Japan sangapite," anatero. "Pasipoti ya Malawi atha kuipeza, koma akangotuluka m'dziko muno alibe cholowera nacho. Adzamubwezera pabwalo la ndege."

"Ngakhale ali ndi aphunzitsi? Ndi ulendo wa sukulu."

"Ngakhale ali ndi aphunzitsi. Koma pali china choti mudziwe, a Jaffu, chachikulu kuposa ulendowu. Panopa ndi mwana, lamulo silikumuwerengera mlandu. Akadzakwanitsa zaka 18, liyamba kuwerenga. Akadzapitirira theka la chaka ali muno, tsiku limene adzatuluke adzamutsekera khomo kwa zaka. Akatuluka nthawi isanakwane, atha kukapempha viza ya sukulu ku Lilongwe ngati wina aliyense."

"Ndipo akamupatsa?"

"Sindingakunamizeni. Akamufunsa kumene makolo ake ali. Ambiri amawakana."

"Nanga akangokhala?"

"Akhala ngati mmene mukukhalira inumu."

A Jaffu anabwerera ku Lanham, ndipo kunyumba sananene kanthu kwa milungu ingapo. Najma akafunsa za pasipoti, ankati nkhani ili m'manja mwa anthu. A Jennifer anayamba kutumiza uthenga woti mayina ndi manambala a mapasipoti akufunika kuti agule matikiti.

Loweruka lina mu Malichi, Najma anapempha bambo ake kuti amuperekeze kukagula sutikesi. Ankafuna yaikulu yolimba, kuti mabokosi a tizidole asadzaphwanyike pobwera. Anazungulira m'sitolomo nthawi yaitali, akutsegula iyi, kukoka iyo. Anasankha yobiriwira. A Jaffu anamuona akulipira ndi ndalama zake za tsitsi, anamuthandiza kuikweza kumbuyo kwa galimoto, ndipo atakhala pansi sanalize injini.

"Najma, ndikufuna ndikuuze chinthu. Undimvere mpaka ndimalize."

Anamuuza m'Chichewa, maso ali pa chiwongolero. Ananena za ukwati wa msuweni, za viza, za a Margaret. Najma sanawadule mawu. Atamaliza, mwanayo anayang'ana mayi wina amene ankalongedza katundu m'galimoto yoyandikana nayo.

"Ndiye ine si wa kuno," anatero.

"Ndiwe wa kuno. Koma mapepala..."

"Nanga ku yunivesite? Ku College Park?"

"Tidzaona mmene tingachitire."

"Musanenenso kuti tidzaona." Sanakweze mawu. "Munadziwa liti kuti sindipita?"

"Kuyambira tsiku loyamba."

"Ndiye bwanji mwandisiya ndigule sutikesi?"

Najma anamanga lamba wake n'kunena kuti azipita.

Kunyumba sanalire pamaso pawo. Anachotsa mapu pakhoma n'kukawakhoma kuchipinda kwake. A Saida anamulangiza chinthu chimodzi chokha, kuti nkhani ya mapepalayo asauze munthu, ngakhale Natalie, mnzake wapamtima wa m'kalabumo. Najma anati wamva.

Patapita masiku, telefoni inalira chakumadzulo. Anali a Jennifer. Anapempha mwaulemu ngati angabwere kudzacheza ndi makolo a Najma. Atadula, a Jaffu anakagogoda pachitseko cha mwana wawo.

"Aphunzitsi ako wawauza chiyani?"

"Ndawauza kuti mwandikaniza."

"Chifukwa chiyani?"

"Chifukwa ndinu Msilamu wokhwima, simulola mtsikana kuyenda popanda wachibale wamwamuna." Anawayang'ana m'maso. "Mumafuna ndinene chiyani? Palibe amene wadabwa."

A Jennifer anabwera Lamlungu masana. Anali mayi wamkulu ndithu, waimvi, ndipo anavula nsapato pakhomo asanauzidwe. Anabweretsa chikwama cha zojambula za Najma. A Saida anawapatsa tiyi. Najma anakhala pakona, manja ali pamiyendo.

Mphunzitsiyo analankhula mosamala, ngati munthu amene wakonzekera. Anati amalemekeza chipembedzo cha banjalo. Anati atsikana adzagona kwaokha, iye mwini adzagona chipinda choyandikana nawo. Anati pa zaka zonse zimene waphunzitsa sanaonepo mwana wokonzekera ulendo ngati Najma, ndipo kumusiya kungakhale kumulanda chinthu chimene wachigwirira ntchito. Anafika ponena kuti ngati vuto ndi wachibale, a Jaffu akhoza kupita nawo ngati mmodzi wa makolo operekeza.

A Jaffu anaona kuti mayiyu anali wabwino, ndipo mwina akanamuuza zoona akanasunga chinsinsi. Koma ankagwira ntchito pasukulu ya boma, ndipo iwo sankadziwa kuti mawu akatuluka m'nyumbamo akathera kuti. Anayang'ana akazi awo. A Saida anali atawerama, akuyang'ana m'kapu.

"Zikomo pobwera," anatero a Jaffu m'Chingelezi. "Koma kwathu mwana wamkazi sayenda chonchi. Ndalamula, ndipo sizisintha."

"Bambo Jaffu, ndinakuonanipo ku Baltimore. Munamunyamulira lupanga. Sindikumvetsa."

"Ku Baltimore ndinalipo ine."

"N'chifukwa chake ndikuti tiyeni limodzi."

"Ndanena kale, mayi."

A Jennifer anawayang'ana kanthawi, ndipo a Jaffu anaona nkhope ikusintha. Ankaidziwa nkhope imeneyo. Anali ataionapo kwa odwala ena akawerenga dzina lawo pa baji. Mphunzitsiyo anatsanzika mwaulemu, anamugwira Najma paphewa, n'kuvala nsapato zake.

Chitseko chitatsekedwa, Najma anati, "Mwachita bwino, Dadi," n'kulowa kuchipinda.

Nkhani inafala. Makolo a anzake a Najma, amene kale ankawapatsa moni pamalo oimika magalimoto, anayamba kuyang'ana kumbali. Mlangizi wa pasukulu anamuitana Najma kukamufunsa ngati kunyumba amamumenya, kapena ngati akufuna kumukwatitsa. Ngakhale kumzikiti zinamveka, ndipo bambo wina anawagwira chanza a Jaffu n'kuwayamikira kuti ana a masiku ano amafunika dzanja lolimba. A Jaffu anathokoza.

Najma sanasiye ntchito yokonza ulendo. Anati anzake angasochere. Anawalembera njira zonse, anawaphunzitsa mawu ofunsira mtengo ndi opepesera, anamuuza Natalie sitolo ya ku Nakano yoti akayambire ndi zoti ayang'ane kuti asagule pepala lachinyengo. Tsiku lonyamuka anapita kusukulu kukawaona akukwera basi ya ku bwalo la ndege, kenaka anapita kukaluka tsitsi. Chaka chimenecho ku Baltimore sanapite, ndipo a Jaffu sanafunse.

Natalie atabwerako anafika ndi chikwama cha mphatso. Munali zolembera zija, kachidole m'bokosi, ndi pepala loonekera lokhala ndi nkhope ya mtsikana wokwera njinga. Anafotokoza zonse, kuti njira za Najma sizinawasocheretse ngakhale kamodzi, kuti Lachisanu anadutsadi pamzikiti paja n'kujambula. A Jaffu atalowa pabalaza, Natalie anasiya kulankhula, ndipo sanawapatse moni. Najma anathokoza mnzakeyo, n'kukaika chikwamacho pamwamba pa kabati. A Saida ankati akamasesa m'chipindamo ankachipeza pomwepo, chili chimangire.

Chaka chomaliza cha sukulu Najma anakhoza bwino ngati kale, koma m'nyumba ankalankhula zofunika zokha. Mu Febuluwale wa 2008 anakwanitsa zaka 18. Patangopita masiku ochepa anawapempha bambo ake kuti amutengere kwa a Margaret. Analowa yekha, a Jaffu anadikira panja. Potuluka anati wasankha. Akangomaliza mayeso apita ku Malawi, akapemphe viza ya sukulu.

"Akakukana?" anafunsa a Jaffu.

"Akandikana ndidzadziwa kuti andikana. Sindikufuna kukhala moyo wanga wonse ndikuopa wapolisi aliyense wapamsewu."

"Kumene ukupitako sukukudziwa, Najma."

"Ku Tokyo sindinkakudziwanso. Ndinaphunzira."

A Saida analira sabata yonse, koma sanamuletse. Anaimbira mchemwali wawo Anjimile ku Limbe, yemwe anavomera kumusunga. Koleji ina yaing'ono ya ku Maryland inamulandira n'kumutumizira mapepala ofunika. Mu Julayi anamuperekeza ku bwalo la ndege la Dulles. Pamalo opimira anthu, pamene operekeza amathera, Najma anakumbatira mayi ake nthawi yaitali. Bambo ake anawagwira dzanja ndi manja awiri, monga a Saida anamuphunzitsira kuti azikachitira akuluakulu kumudzi, ndipo ananena m'Chichewa chake chopotoka kuti, "Tsalani bwino, ababa." Aka kanali koyamba kuwatchula choncho.

Ku Lilongwe anamukana. Kufunsana kwake sikunatenge nthawi, anangomufunsa kumene anaphunzira sekondale ndi kumene makolo ake ali. Anayesanso patapita miyezi ingapo, atasonkhanitsa makalata a aphunzitsi, kuphatikizapo ya a Jennifer. Anamukananso.

A Jaffu ankagula makhadi oimbira kunja kusitolo ya munthu wa ku Ghana n'kumaimba Lamlungu lililonse. Najma ankati ali bwino. Anapeza kantchito pamalo ena a intaneti ku Limbe, kuthandiza anthu kutsegula makalata awo ndi kusindikiza. Anjimile ndi amene ankanena zoona zake. Anati mwanayo wadwala malungo kawiri ndipo waonda. Anati anthu m'minibasi amamuseka akalankhula, ena amamutchula kuti mzungu. Akaweruka amangodzitsekera. Anjimile anamugulira mapepala ndi mapensulo kuti mwina azijambula, koma sanawakhudze.

Chakumayambiriro kwa 2009 Najma anagonekedwa m'chipatala masiku angapo. A Saida atamva, sanafunsenso maganizo a munthu. Anadikira amuna awo abwere kuntchito, anawapatsa chakudya, ndipo atamaliza kudya anawauza.

"Ine ndikupita kwa mwana."

"Mukapita simubweranso. Mukudziwa zimenezo."

"Ndikudziwa."

"Ndiye tipitire limodzi."

"Tikakadya chiyani tonse atatu? Inu tsalani, muzigwira ntchito. Mwanayu akufunika sukulu, kaya ku Blantyre konko, kaya ku South Africa. Wina ayenera kutsala."

"Mpaka liti, mayi a Najma?"

A Saida anatolera mbale n'kupita nazo kosukira.

Makina osokera anawagulitsa kwa mayi wina wa ku Zambia amene ankasoka naye. Katundu wawo yense anakwana m'masutikesi awiri. A Jaffu anapempha kuntchito kuti tsiku limenelo ayambe masana, ndipo m'mawa anawaperekeza akazi awo ku Dulles. Panjira analankhula za mankhwala oti akamupatse Najma, ndi za mmene azitumizira thandizo kudzera kwa Anjimile. Pabwalo la ndege a Saida anawakumbutsa kuti mpunga uli m'kabati yapansi ndiponso kuti asamaiwale mapiritsi awo a kuthamanga kwa magazi. A Jaffu anaima mpaka mpango wa akazi awo unasowa pakati pa anthu.

Pobwerera magalimoto anali atathithikana pamsewu waukulu wozungulira mzinda, ndipo anafika mochedwa kwa wodwala woyamba, bambo wina wokalamba wa ku College Park. Bamboyo anali atakhala kale pakhonde pa njinga yake ya olumala, atakwiya. Anawafunsa kumene anali. A Jaffu anapepesa, anati anaperekeza munthu ku bwalo la ndege. Anatsitsa chokwezera, anamukweza, anamanga malamba a njingayo mbali zonse, ndipo ananyamuka kukatenga wachiwiri.